Masese a ku Thambani pa Msewu wa ku Lilongwe

Ine mowa ndinayamba kufulula Tiyamike ali kumsana, ndipo ku Thambani palibe amene anganene kuti ndinamumwetsapo madzi. Koma zoti tsiku lina mowa womwewo udzakwera minibasi mpaka ku Lilongwe, ayi, zimenezo sindinalotepo.

Tiyamikeyo ndi mwana wanga woyamba. Sukulu yake yonse inatuluka mu mbiya, kuyambira yunifolomu mpaka mayeso a folomu folo, koma ali mtsikana zinkamuchititsa manyazi. Anzake ankamuseka kuti amanunkha masese. Tsiku lina ndinapita kukamuona ku sekondale, mnzake n'kufunsa kuti amayiwa amagwira ntchito yanji. Iye anayankha msangamsanga kuti, "Amalima." Sananame, ndimalimadi. Koma zinandipweteka.

Ndiye taonani zimene Mulungu amachita. Mwana yemweyo atamaliza maphunziro ake anakapeza ntchito ku Lilongwe, pa kakampani kakang'ono kofulula mowa wa m'mabotolo. Chaka chimenecho, mwezi wa Okutobala, anandiimbira foni.

"Amayi, kuno kukhala chionetsero cha mowa Loweruka la sabata la mawa. Ofulula ang'onoang'ono abweretsa wawo kuti anthu adzalawe. Ndawauza abwana kuti pakhalenso tebulo la mowa wa kumudzi, ndipo avomera."

"Wawauza kuti wofulula ndi ndani?"

Iye anati, "Ndangoti mayi wina wa ku Mwanza. Inu mungobwera nawo. Koma amayi, chonde, usadzakhale wosasa. Ukadzasasa ine ndidzasowa poyang'ana."

Mayi wina wa ku Mwanza! Ndinavomerabe. Mumtima ndinati mwana ameneyu mowa wanga unamuchititsa manyazi kumudzi, usakamuchititsenso manyazi m'tauni. Ukafike uli bwino basi, zina zonse kaya.

Tsono amene simunafululepo mumvetse. Masese si mowa wa m'botolo woti mungauike pa shelefu mpaka Khirisimasi. Ndi chinthu chamoyo, ndipo uli ndi tsiku lake limodzi lokha. Dzulo lake umakhala ngati thobwa, mawa lake ngakhale nkhumba imaukana. Ndinawerenga masiku chobwerera m'mbuyo kuyambira Lowerukalo, ndinaphika phala, ndinathira chimera cha mawere, ndipo Lachinayi madzulo ndinausefa ukadali wotsekemera kuti ukapsere m'njira. Ndinadzaza zigubu ziwiri zachikasu, zija za mafuta ophikira, nditazitsuka ndi phulusa ndi madzi otentha. Zitsekero ndinangozikhazika, osamanga kwambiri, chifukwa mowa ukamawira umafuna kupuma.

Lachisanu ndinafika pa msika wa Thambani dzuwa lisanatuluke, akabaza awiri atandinyamulira zigubuzo. Galimoto ya matola inalipo kale, draiva akuti tinyamuka pompano. Pompano wakeyo anatha maola awiri. Anakweza matumba a nandolo, anakweza mbuzi, anatsitsanso mbuzi kuti akweze njinga, kenako n'kukwezanso mbuzi ija pamwamba pa nandolo. Ine ndinakhala pakona, chigubu china kumanja china kumanzere.

Apo m'pamene anatipeza a Zuze, mkulu wina wa kwa Nthache amene anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukwatira kwathu konkuno. Mowa wanga amaudziwa bwino, mwinanso kuposa mmene amadziwira njira ya ku tchalitchi. Ankapita ku Ntcheu kukaona mwana wawo. Atangokwera ananunkhiza, n'kugunditsa khutu pa chigubu. Iwo mowa amautchula kuti bwadwa, mmene amanenera kwawo.

"Eee, Naphiri! Bwadwa uyu akuyenda ulendo? Akupita kuti osatitsanzika?"

"Ku Lilongwe, achimwene. Akukamwedwa ndi anthu ophunzira."

"Ife osaphunzira tatsala ndi ludzu," anatero akuseka, mano awiri okha akuoneka.

Msewu wa ku Thambani aliyense amaudziwa. Galimoto ikagwa m'dzenje, mowa umati khuvu m'chigubu, ine mtima n'kudumpha nawo. Kugwedezeka kumaufulumizitsa kupsa, ndiye ndinkakalipira draiva ngati ndanyamula mazira. Iye ankangoti, "Mayi, msewuwu sindinalime ndine." Tinafika pa boma fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

Pa depoti ya Mwanza oitanira anatithamangira ngati abale athu. Mmodzi analanda chigubu, wina chinzake, aliyense akulowera ku minibasi yake. Ndinakuwa mpaka mathiraki amene anandanda kulowera ku boda ndikhulupirira anandimva. Zigubu zinabwerera. Kondakitala wa minibasi ya ku Blantyre anati zigubu ziwiri ndilipire ngati munthu mmodzi. Ndinati theka la munthu. Tinakangana mpaka a Zuze analowererapo kuti chigubu chimodzi achifungatira iwo ngati mdzukulu, ndipo tinagwirizana theka. Kenako tinadikira ola lathunthu injini ikulira, draiva akuyendetsa pang'ono kutsogolo n'kubwereranso, kuti anthu aziti yanyamuka. Titadzaza tinauyamba. Matumba a makala m'mbali mwa msewu, mlatho wa Lisungwi, kutentha kukuwonjezeka pamene tinkatsikira ku Shire. Ine maso anga anali pa zitsekero basi.

Tinatsika pa Zalewa nthawi ikuyandikira khumi ndi imodzi, dzuwa likuswa mtengo. Mabasi akuluakulu a ku Lilongwe anadutsa awiri, onse odzaza. Ndinakokera zigubu pa kamthunzi ka golosale, ndinagula mazira owiritsa awiri, limodzi langa limodzi la a Zuze, n'kumadikira. Masana enieni kunabwera minibasi ya ku Lilongwe ili ndi malo. Kondakitala wake anali bambo wachikulire, waulemu, wovala malaya opisira. Anati chigubu chimodzi chikhale pa mapazi anga kutsogolo, chinacho chilowe kunsi kwa mpando wakumbuyo. Ndinavomera, n'kuthamangira kuseri kukadzithandiza tisananyamuke.

Kulakwa kwanga kunali komweko. Bambo uja, poona kuti chitsekero cha chigubu chakumbuyo chikugwedera, anaganiza kuti wandichitira chifundo. Anatenga jumbo, n'kuiyala pakamwa pa chigubu, n'kumanga chitsekero ndi mphamvu zake zonse, ngati mmene amachitira ndi parafini kapena mafuta ophikira. Ine osadziwa kanthu. Ndinabwera, ndinakhala, tinanyamuka.

Mpando wakumbuyowo panakhala amayi atatu a mpingo, atavala mabulauzi oyera mbee ndi maduku oyera, akupita ku msonkhano wa amayi ku Ntcheu. Ankaimba nyimbo chapansipansi, zokoma ndithu, moti ine ndinayamba kuwodzera.

Titangodutsa Phalula, kunamveka phuu!

Draiva anaganiza kuti laphulika tayala. Anaponda buleki, tonse n'kugundana mitu, minibasi n'kukaima m'mbali mwa msewu. Kumbuyo kunamveka kukuwa: "Yesu wanga! Mayo ine!" Nditacheuka, abale, sindinadziwe kuti ndiseke kapena ndilire. Chigubu chinang'ambika pakhosi, mowa unathovokera m'mwamba n'kugunda denga, n'kuwavumbwira amayi aja ngati mvula. Maduku oyera aja anasanduka ofiirira. Thovu linkatsika m'mawindo. Fungo lake ngakhale wa chimfine akanalimva.

Tinatsika tonse. Mmodzi wa amayiwo, wamtali, wa magalasi, amene anzake ankamutchula kuti mayi Nasibeko, anabwera molunjika kwa ine, masese akudontha pa chibwano.

"Ndi wanu mowawu?"

"Ndi wanga, mayi. Pepani, ndapota nanu."

"Mwapota nane? Ine ndikukalalikira mawa ku msonkhano! Ndikaime pamaso pa amayi anzanga ndikununkha chonchi? Adzati ndachokera kuti?"

Ndinagwada pansi pomwepo, pa miyala yotentha. Kondakitala naye anavula chipewa. "Wolakwa ndine, amayi. Ndinamanga ndine chitsekerocho. Ndimati chisatayike."

Ndinamutembenukira mokwiya. "Bambo inu, munabadwira kuti? Mowa wamoyo amaumanga pakamwa? Inuyo atakutsekani mphuno ndi jumbo mungafike pa Chingeni?" A Zuze anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako kondakitala uja ndinamumvera chisoni, chifukwa analakwa pofuna kuthandiza.

Mavuto sanathere pomwepo. Draiva atati alize injini, inangoti khekhekhe n'kuzima. Anayesanso, zii. Anati china chake chaduka pamene anaponda buleki mwadzidzidzi, ndipo anaimbira makaniko wa ku Balaka. Makanikoyo anati akubwera pompano. Ine mawu amenewa ndinali nditawamva kale m'mawa.

Mwamwayi pafupi panali mjigo ndi mtengo wa mthethe wa kamthunzi kochepa. Amayi a mpingo anapita kuseri kwa nyumba ina, anadzimangira zitenje, n'kuyamba kuchapa mabulauzi ndi maduku. Ndinawagulira sopo pa kaokala n'kuwathandiza kupopa madzi. Zovalazo anaziyanika pa zitsamba. Anthu ena anagona pansi pa minibasi, ena anapita kukasaka chinangwa. Tinakhala pamenepo kuyambira cha m'ma wani koloko mpaka dzuwa litapendeka.

Ine nkhawa yanga inali pa chigubu chotsala. Ndinachiika pa mthunzi, koma mthunzi wa ku Phalula mwezi wa Okutobala ndi dzina chabe. Thovu linkatuluka pa chitsekero, mkati mukumveka kusokosera ngati mwalowa njuchi. Ndinatsanulira pang'ono m'kapu n'kulawa. Kutsekemera konse kunali kutapita. Mowa unali utapsa, tsiku lathunthu nthawi isanakwane. Ndinapatsira a Zuze. Analawa, anatseka maso, n'kupukusa mutu.

"Uyu ndi wa lero, Naphiri. Mawa ndi viniga. Kuli bwino tingomwa pompano, asafe chabe."

"Musandiseke, achimwene," ndinatero, ndipo misozi inatuluka yokha. Chigubu chimodzi chatayika, chinacho chikukasasa. Ndinaona nkhope ya Tiyamike pamaso pa abwana ake, anthu akulavula mowa wa mayi wina wa ku Mwanza. Ndinaganiza zongobwerera ku Thambani n'kuzimitsa foni.

Mayi Nasibeko anali ataima chapafupi, akukupiza duku wawo kuti aume msanga. Anandifunsa mokalipabe kuti mowa umenewu ndikupita nawo kuti, poti ndikuulirira ngati maliro. Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za kusekondale zija. Anayang'ana uku ndi uku ngati akuona kuti anzawo ali kutali bwanji, n'kutambasula dzanja.

"Tabweretsani kapuyo."

Sanamwe. Anangonunkhiza, n'kuviika chala, n'kuchigunditsa pa lilime.

"Chimera chake n'cha mawere," anatero. "Simunaphatikize chimanga?"

"Pang'ono pokha."

"Ndamva. Amayi anga ankafulula ku Ntcheu. Ine ndinasefa mowa zaka zambiri ndisanalowe mpingo." Anatsitsa mawu. "Mowawu sunafe. Wamaliza chakudya chake basi, ndiye wayamba kudzidya wokha. Upatseni chakudya china, muuziziritse, ufika."

"Chakudya ndichipeza kuti pathengo pano?"

Anapita mu minibasi n'kubwera ndi kachigubu ka malita asanu. Linali thobwa limene ankapita nalo ku msonkhano, lophika dzulo lake. Kunena zoona ndinazengereza. Ine mowa wanga sindinauphatikizepo ndi za m'manja mwa munthu wina chiyambire. Ndinalawa thobwalo ndili wokonzeka kulipezera chifukwa, koma linali labwino, lamawere, lotsekemera mpaka m'makutu.

"Nanga ku msonkhano mukamwa chiyani?"

"Madzi. Fulumirani, anzangawo asanabwere."

Tinapungula mowa kuti thobwa lipeze malo. Wopungulawo sunatayike, a Zuze ndi draiva anauona ntchito, ngakhale draivayo ndinamuletsa atangomwa kamodzi. Tinathira thobwa lonse n'kutakasa ndi kamtengo kosenda. Mayi Nasibeko anamasula chitenje chawo chapamwamba, anachinyika pa mjigo, n'kukulunga chigubu chonse. Kondakitala anadzipereka kumathira madzi chitenjecho chikayamba kuuma, ndipo anagwira ntchitoyo ngati akulipira mlandu.

Amayi awiri aja atabwera anafunsa kuti thobwa lapita kuti. Mayi Nasibeko anayankha nkhope ili gwa, "Lathandiza wodwala."

Makaniko anafika pa njinga yamoto cha m'ma folo, anagona kunsi, anamanga kawaya kamodzi kokha, injini n'kulira. Kawaya kamodzi, ife maola atatu! Tinakwera, m'minibasi mukununkha ngati pa bwalo la mowa, amayi a mpingo atavalanso zoyera zawo zonyowa pang'ono. Chigubu ndinachikhazika pafupi ndi windo kuti mphepo izichiwomba. Pa Chingeni wapolisi anasuzumira, ananunkhiza, anayang'ana maduku oyera aja, n'kutiuza kuti tiyende bwino, akudziletsa kuseka.

Pa Ntcheu anatsika a Zuze ndi amayi aja. Ndinayamba kumasula chitenje kuti ndibweze, koma mayi Nasibeko anandigwira dzanja. "Chisiyeni. Koma mukakafika musakanene kuti munathandizidwa ndi ndani." Ndichifukwa chake dzina ndalembali si lawo lenileni. A Zuze anasisita chigubu n'kuchiuza kuti chikawapatse moni anthu ophunzira.

Kuyambira pa Lizulu mphepo inasintha. Ogulitsa mbatatesi ndi kabichi anali atavala majuzi, ndipo pofika ku Dedza ine ndinali nditafunda mpango. Ndinagunditsa khutu pa chigubu. Njuchi zija zinali zitagona, kukungomveka kuwira kwa pang'onopang'ono, kwaulemu. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti chidyere dzira la pa Zalewa sindinaikenso kanthu m'kamwa, ndipo ndinagula chimanga chootcha pa windo.

Tinalowa mu Lilongwe usiku, kutada kale. Tiyamike anali pa depoti. Anayang'ana chigubu, anayang'ana ine.

"Chimodzi chokha, amayi? Ndipo mukununkhatu."

"Ndikuuza kunyumba. Nyamula uko."

Anati tikachisiye ku ntchito kwake, m'chipinda chozizira mmene amasungira mowa wawo. Ndinakana poyamba, kuti mowa wanga si nyama yoika mu firiji. Iye anati kuzizira sikuupha, kumangougoneka, ndipo m'mawa tidzautulutsa kuti udzuke. Ndinaona kuti mwanayu ntchito yake akuidziwa, ndipo ndinamumvera.

Chionetserocho chinali pa kapinga wa malo ena ogona alendo, matenti atazungulira, nyimbo zikulira. Munthu akalipira pa geti ankamupatsa kakapu kakang'ono koti azilawira tebulo ndi tebulo. Ndinazungulira nawo m'mawa anthu asanachuluke. Kunali mowa wa malambe, wa uchi, wa khofi, wina wakuda bii, wina wowawa ngati mankhwala a malungo koma anthu akuuyamikira. Wa malambewo ndinaukonda, sindibisa. Ofulula ake anali achinyamata, ndipo ndikawafunsa za chimera ankayankha mwaulemu ngati akulankhula ndi mnzawo wa ntchito. Zinandisangalatsa.

Tebulo lathu linali kumapeto. Tinatsanulira mowa mu mbiya imene Tiyamike anabwereka, ine n'kutulutsa zipanda ziwiri zimene ndinachokera nazo kumudzi. Anthu anayamba kuyandikira ndi timakapu tawo. Tiyamike anatenga chipanda kuti ayambe kuwathirira.

"Dikira," ndinatero. "Woyamba kumwa ndi mwini mowa."

"Amayi, kuno sizitero."

"Mowa wanga umatero kulikonse."

Kwathu wofulula amamwa kaye pamaso pa anthu, kuti aone kuti mulibe choipa. Ndinatunga chipanda, ndinachikweza, ndinamwa. Anthu onse maso ali pa ine. Unali wozizirira, wolemera, kutsekemera kuli kutali, kuwawasa kuli kutali, ukuluma lilime pang'ono ngati mmene uyenera. Pa zaka zanga zonse zofulula, mowa wotere ndinaupeza mwina katatu. Ndinapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Athirire."

Sunathe maola awiri. Ena anakana timakapu tawo n'kupempha chipanda. Bambo wina wa taye anamwa n'kuyamba kundiuza za kwawo ku Neno, kumene sanapiteko zaka zambiri. Mbiya itatsala pang'ono kuuma anabwera abwana a Tiyamike, bambo wandevu wovala kabudula. Analawa, analawanso.

"Tiyamike, mayi amenewa unawapeza kuti?"

Ine ndinayang'ana kumbali kuti mwana ayankhe momasuka zimene akufuna. Iye anatenga chipanda m'manja mwanga, anakokota wotsala pansi pa mbiya, anagwada pa kapinga ndi diresi lake labwinolo, n'kumwa mpaka kugugudiza. Anadzuka thovu lili pa mlomo.

"Sindinawapeze, bwana. Ndi amayi anga ondibereka. Sukulu yonse imene munaiona pa mapepala anga aja inachokera mu mowa umenewu."

Ananena mokweza, moti ngakhale a tebulo la malambe anacheuka. Ine ndinawerama n'kuyamba kutsuka chipanda chinacho, chimene chinali chotsukatsuka kale.